Linga la m'mapapo: mmene thupi limatsekerera TB

Wodwala chifuwa chachikulu akatsokomola, ife n'kupuma mpweyawo, tizilombo ta matendawa timakafika m'mapapo mwathu. Kumeneko asilikali a m'thupi otchedwa macrophage amameza tizilomboto, koma tina sitifa: timabisala m'kati mwa msilikali yemweyo. Zikatero asilikali ena, makamaka a CD4, amazinga malowo n'kumanga linga. M'lingamo tizilombo timagona zaka zambiri, mwini thupi osadwala, osapatsiranso ena. Mwa anthu 10 otere, amene amadzadwala ndi mmodzi kapena osafikapo.

Koma lingalo limagumuka asilikali akafooka ndi HIV, matenda a shuga, njala kapena fodya. Choncho, abale ndi alongo, tikatsokomola milungu iwiri tikayezetse makhololo. Mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma. Chathu n'kumwa miyezi 6 yonse, osadukiza.