NYENGO YABWINO YOPITA KU MAPIRI

Malamulo aakulu a dziko lathu a chaka cha 1994, m'ndime 39, amapatsa munthu aliyense ufulu woyenda kulikonse m'Malawi muno. Masiku ano magulu ambiri a kuno kwa Mponda, monga makwaya, achinyamata a kutchalitchi ndi kumzikiti, ana asukulu ndi mabungwe a amayi, amasonkha ndalama kuti akaone phiri la Zomba kapena la Mulanje. Zimenezi ndi zabwino. Koma kawirikawiri pa misonkhano yokonza ulendo anthu amataya nthawi yaitali kukambirana za galimoto ndi kamba, pomwe tsiku la ulendo amangolitchula mothamanga, poyang'ana tsiku limene wapampando ali ndi mpata. Chonsecho tsikulo ndi limene lingachititse kuti ndalama za gulu zipite pachabe, mwinanso kuti wina asabwerere kwawo.

KUMAPIRI SI KUNYANJA

Ife a m'mbali mwa nyanja tinazolowera kutentha. Boma la Mangochi lili pa mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamwamba pa phiri la Zomba pali malo opitirira mamita 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Munthu akakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Izi zikutanthauza kuti pa tsiku limene kwa Mponda tikuyenda ndi malaya okha, pamwamba pa Mulanje kungakhale kozizira ndi madigiri 10 kapena kuposerapo. Amene anaolokapo Shire n'kukwera zitunda za ku Chowe kupita ku Namwera m'mwezi wa Juni akudziwa m'mene mphepo imasinthira pa ulendo waufupi chabe. Komatu ku Namwera n'kufupi ndi pansi tikayerekeza ndi Mulanje.

Chinanso n'chakuti mapiri amakoka mitambo. Mphepo yachinyezi ikagunda phiri imakwera, imazizira, n'kusanduka nkhungu kapena mvula. N'chifukwa chake kungathe kukhala ngwee m'munsi pamene pamwamba munthu sakuona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake.

DZINJA: DISEMBALA MPAKA EPULO

Nyengo iyi imanyenga anthu ambiri chifukwa muli tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Pasaka, ndiponso mapiri amakhala obiriwira mokongola. Ife tikuti musapite. Matanthwe amamera ndere ndipo amaterera. Kamtsinje kamene munaoloka m'mawa madzi akulekeza m'kakolo kangathe kudzaza masana chifukwa cha mvula imene yagwa kumtunda, inu osaiona n'komwe. Mphenzinso imakonda malo okwera.

Choopsa kwambiri ndi napolo. Mvumbi ukagwa masiku angapo, dothi la m'mbali mwa phiri limakhuta madzi, kenaka limagumuka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946, pamene milatho ya m'tauni inakokoloka. Zinachitikanso ku Phalombe mu Malichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, moti anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Taonani kuti ngozi zitatu zonsezi zinagwa m'dzinja, ndipo ziwiri mwa izo m'mwezi wa Malichi, pamene nthaka yamwa kale madzi a miyezi itatu. Anthu amene anafawo sanali alendo, anali m'nyumba zawo. Nanga mlendo wosadziwa kothawira angapulumuke bwanji?

Tisaiwalenso kuti iyi ndi nthawi yopalira ndi yobandira, ndiponso m'nkhokwe zambiri mumakhala mutapepuka. Kusonkhetsa anthu ndalama za ulendo mu Febuluwale n'kusawaganizira.

CHISANU: JUNI NDI JULAYI

Apa ndi pamene anthu a kunyanja amalakwitsa kwambiri. Mvula yatha, zokolola zagulitsidwa, ndalama zilipo, ndiye amati nthawi ndi yomweyi. Koma miyezi imene mwera umavutitsa asodzi pa nyanja ndi yomwenso ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba kumabwera chiperoni. Imeneyi ndi mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza, yochokera cha ku Mozambique, kumene kuli phiri lotchedwa Chiperone. Imatha kukhala masiku awiri, atatu, ngakhale asanu. Gulu limene lalipira galimoto kuti likaone nyanja ya Chilwa kuchokera pa Emperor's View lingathe kubwerako litangoona utsi woyera basi.

Kutaya ndalama n'kochepa. Munthu akanyowa pamalo ozizira, mphepo n'kumamuomba, thupi lake limataya kutentha msanga. Amayamba kunjenjemera, kenaka kulankhula zosamveka ndi kuodzera, ndipo akapanda kufunditsidwa amafa. Pamwamba pa Mulanje usiku wina wa Juni ndi Julayi madzi amachita kuundana. Mu Julayi 2009 mlendo wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anakwera Sapitwa atasiya womulondolera m'munsi, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Anali mnyamata wamphamvu woti anayenda maiko ambiri. Mwana wa kwa Mponda wovala malaya opyapyala ndi nsapato zapulasitiki sangapose iyeyo.

Sitikunena kuti m'miyezi imeneyi simukwereka. Anthu amakwera, koma amakhala ndi majuzi, mabulangete, zovala zosalowa madzi ndi masiku apadera odikira kuti kuyere. Magulu athu ambiri alibe zimenezi, ndipo galimoto amabwereka ya tsiku limodzi.

NANGA TIPITE LITI?

Nthawi imene ife tikuiona yabwino koposa ndi kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka kumapeto kwa Sepitembala. Chisanu chimakhala chitachepa, njira zauma, mitsinje yaphwa, ndipo mvula ikadali kutali. Kwa ana asukulu, tchuthi chachikulu chimagwanso cha mu Ogasiti momwemo. Vuto lake ndi utsi wa moto wa m'tchire umene umabisa malo akutali, ndiponso udzu umakhala wouma moti chishango chimodzi cha machesi chingathe kutentha nkhalango, kuphatikizapo mkungudza wa ku Mulanje umene watsala pang'ono kutheratu. Osasonkha moto paliponse.

Mwezi wa Meyi ndi wachiwiri. Kumwamba kumakhala koyera, mathithi monga a pa Dziwe la Nkhalamba amakhala ndi madzi ambiri, koma anthu ambiri amakhala akukolola. Okutobala ndi wotentha pokwera, ndipo chakumapeto kwake mabingu amayamba. Ngati m'gulu mwanu muli abale athu achisilamu, onaninso mwezi wa Ramadani, popeza umasuntha chaka ndi chaka ndipo munthu wosala sangakwere phiri tsiku lonse.

UDINDO WA KOMITI

Ndalama za ulendo ndi za anthu onse, choncho tsiku lisankhidwe pa msonkhano wa onse, amayi ndi makolo a ana ali pomwepo. Membala aliyense ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene mwezi wakutiwakuti wasankhidwira, ndipo komiti iyankhe. Kutatsala masiku ochepa, mverani zanyengo pa wailesi, ndipo tumizani uthenga kwa anthu a kuphiriko, monga a ofesi ya zankhalango ku Likhubula, amene amathandizanso kupeza olondolera njira. Ndalama ya wolondolera ikhale m'ndondomeko ya chuma kuyambira pachiyambi, isakhale yoyamba kuchotsedwa msonkhamsonkha ukaperewera.

Gwirizananinso musananyamuke kuti ulendo ukalephereka chifukwa cha nyengo, ndalama zidzasungidwa ndi yani, nanga mwini galimoto adzabweza zingati. Magulu ambiri amakakamira kukwera mu nkhungu chifukwa choopa kukafunsidwa kumudzi kuti ndalama zapita kuti. Mlembi alembe m'buku la gulu kuti wolondolera akanena kuti tibwerere, onse abwerera, ngakhale wapampando amene.