Thupi limene laiwala kutuluka thukuta

Anthu akamva za munthu wovulala mtsempha waukulu wa mumsana, amangoganiza za miyendo yosayenda. Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha.

Mtsempha umenewu sunyamula mauthenga a kuyenda okha. Umauzanso khungu kuti litulutse thukuta, mitsempha ya magazi kuti ifinyike, ndi mtima kuti ufulumire. Ukavulala m'khosi kapena kumtunda kwa chifuwa, mauthengawo amadukira panjira. Munthu akamapalasa njinga yake ya olumala padzuwa, thupi limangotentha koma khungu lili gwa, louma. Magazi amathamanga mofooka, mtima osafulumira mokwanira, iye n'kutopa msanga. N'chifukwa chake osewera rugby ya panjinga zoterezi amadzipopera madzi kumaso ndi kuvala zovala zoikamo ayezi.

Madokotala tsopano akuyesa magetsi ochepa kwambiri. Amaika kachipangizo pamwamba pa mtsemphawo, kunsi kwa bala, kuti kadzutse minyewa imene idakali yamoyo koma yasowa woilamula. Mu 2011, gulu la Susan Harkema ku Louisville, ku America, linalengeza kuti wodwala wina anatha kuimirira ndi njirayi. Mu 2021, Grégoire Courtine wa ku Lausanne ndi Aaron Phillips wa ku Calgary anasonyeza kuti imakwezanso kuthamanga kwa magazi. Ena amangomata zipangizozo pakhungu, popanda opaleshoni.

Za thukuta, kafukufuku adakali poyambira, ndipo anthu amene ayesedwa ndi ochepa. Choncho ngati mukusamalira wovulala chotere, musadikire makina: muikeni pamthunzi, mumpatse madzi akumwa, ndipo mumunyowetse khungu kukatentha.