Mwana ndi wa Anthu Awiri

Amayi anzanga, sabata ino ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundilemera mumtima kwa zaka zingapo. Ndikulemba ndili kuno ku Mphunzi, m'boma la Dedza, kumene ndimatsogolera kagulu ka amayi kosoka, kolima ndiwo zamasamba ndi kosunga ndalama ku banki mkhonde. Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekezera Sitandade 6. Choncho zimene ndinene pano ndi zimene ndinaona ndi maso angawa, ndiponso zimene ndinachita kufunsa kwa odziwa.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2019, mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene dzina lake sinditchula, anachira mwana wake wachiwiri. Woyamba anali wakuda ngati ine ndi inu. Wachiwiriyu anabadwa woyera, tsitsi lake lofiirira, timaso tosapirira kuwala. Anali mwana wachialubino. Bambo wa mwanayo atafika kuchipatala anavundukula nsalu, nayang'ana kamodzi, nkunena kuti, "Kwathu kulibe zotere." Monga mudziwa, kuno ambiri timakwatiwa chikamwini, ndipo mkamwini akafuna kuchoka sasowa ngolo. Pasanathe sabata munthu uja anapinda bulangete lake nabwerera kwao.

Nditapita kukamuona mtsikanayo ndinampeza atatseka chitseko masana. Anandifunsa akulira kuti, "Amayi, kodi ndinalakwa chiyani ine? Apongozi akuti ndinayenda ndi mzungu. Ena akuti ndinaseka munthu wotere ndili ndi pakati." Ndinasowa choyankha, chifukwa nanenso ndinakulira m'zikhulupiriro zomwezo. Tinkauzidwa kuti mayi wapakati akakumana ndi munthu wachialubino alavulire malovu pachifuwa pake kuti asabereke wotere. Ine ndemwe ndinachitapo zimenezi pamsika wa Chimbiya ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ndipo bambo amene ndinakumana nawowo anandiona. Sananene kanthu, anangotembenuka. Mpaka lero ndikakumbukira ndimagwidwa ndi manyazi.

Phunziro la nyemba

Tinapempha anamwino ena odziwa bwino ntchito yawo kuti adzalankhule ku gulu lathu. Iwo sanabwere ndi mabuku. Anatiuza kuti titenge timatumba tiwiri, kena ka bambo, kena ka mayi, ndipo m'kathumba kalikonse tiikemo nyemba ziwiri, yofiira ndi yoyera. Kenaka anati mmodzi wa ife atsinzine, atole nyemba imodzi m'kathumba ka bambo ndi imodzi m'ka mayi. "Nyemba ziwirizo ndiye mwana," iwo anatero.

Anafotokoza motere. M'tizigawo ting'onoting'ono ta thupi la munthu muli timaulusi 46 tosaoneka ndi maso, 23 tochokera kwa bambo ndi 23 tochokera kwa mayi. Pa timaulusi timeneti ndi pamene pali timbewu ta chibadwa, timene ophunzira amati majini, koma musasokoneze ndi majini a mizimu aja. Kambewu kena ndi kamene kamauza thupi kuti lipange melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndi kutitchinjiriza ku dzuwa. Nyemba yofiira ikuimira kambewu kogwira ntchito, yoyera ikuimira kosagwira ntchito. Mwana akalandira zofiira ziwiri, amabadwa wakuda. Akalandira yofiira ndi yoyera, amabadwanso wakuda, popeza yofiira imodziyo ikwanira, koma yoyerayo amayenda nayo mobisika moyo wake wonse, osadziwa. Pokhapokha akalandira zoyera ziwiri, ina kwa mayi ina kwa bambo, ndi pamene amabadwa wachialubino.

Tinatola maulendo ambirimbiri, tikuseka ndi kuwerenga. Zoyera ziwiri zinkatuluka pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi alionse, koma mosatsata ndondomeko: nthawi zina kawiri motsatizana, nthawi zina osatuluka kwa nthawi yaitali. Mimba iliyonse ndi kutola kwatsopano. Nchifukwa chake banja lina limakhala ndi ana achialubino awiri kapena atatu, pamene lina la makolo onyamula kambewu komweko silikhala ndi ngakhale mmodzi. Kenaka anamwino aja anachotsa nyemba yoyera m'kathumba ka bambo naikamo yofiira, nkutiuza kuti titole mpaka dzuwa lilowe. Zoyera ziwiri sizinatulukenso. Apo mpamene amayi onse anakhala chete. Tinazindikira kuti bambo amene amati "kwathu kulibe zotere" ndi yemwe anabweretsa theka la zoterezo.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Wansembe wina dzina lake Gregor Mendel, wa mumzinda wa Brno ku Ulaya, anaipeza m'dimba la nsawawa, nailemba m'chaka cha 1866. Atakwatitsa nsawawa za maluwa ofiirira ndi za maluwa oyera, mbewu zoyamba zonse zinatulutsa maluwa ofiirira. Koma atabzala ana a mbewu zimenezo, maluwa oyera anabwereranso, limodzi pa anayi. Ife alimi a nsawawa ndi nyemba kuno ku Dedza sitiyenera kudabwa nazo. Chimene chabisala mumbewu chimatha kudumpha mibadwo, nkudzatulukira mwa chidzukulu.

Anamwinowo anaonjezanso kanthu kena kamene ndifuna abambo amene akuwerenga tsamba lino mobisa akamve: chimene chimachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi chimachokera mumbewu ya bambo. Tsono mwamuna wokwatira mitala chifukwa mkazi wake akubereka ana aakazi okhaokha akuthawa chithunzithunzi chake chomwe.

Mantha a chaka chimenecho

Mwana uja ali wakhanda, m'mwezi wa Febuluwale 2019, tinamva kuti anthu achiwembu athyola nyumba usiku m'boma lathu lomwe lino la Dedza ndi kuba mnyamata wachialubino wa zaka 14. Amayi a m'gulu lathu tinayamba kusinthana kukagona kwa mnzathuyo, popeza m'nyumbamo munalibe mwamuna. Usiku galu akauwa tonse tinali kudzuka.

Nkhanza zimenezi zinakula m'dziko muno kuyambira kumapeto kwa 2014, chifukwa cha bodza lakuti mafupa a anthu achialubino amabweretsa chuma. Mu Epulo 2016 nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Ikponwosa Ero, amenenso ndi wachialubino, anayendera dziko lino nachenjeza kuti abale athuwa akhoza kutha ngati sitichitapo kanthu. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za opha ndi ogulitsa ziwalo za anthu. Mu 2022 Khoti Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa mlandu wa mnyamata wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018. Pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wa zachipatala, ndiponso mbale wake weniweni wa malemuyo. Akuluakulu anati chibale ndi fupa sichiola, koma onani mmene dyera linachioletsera.

Amayi anzanga, fupa la munthu wachialubino ndi fupa ngati langa ndi lanu. Mulibe golide. Munthu wachialubino sasowa ayi, amamwalira ndi kuikidwa m'manda monga tonsefe. Kugona ndi mkazi wachialubino sikuchiza Edzi. Chialubino si matenda opatsirana, ndipo simungachitenge podyera mbale imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino oposa 134,000. Amenewa si alendo, ndi ana a mabanja athu.

Chimene anabadwa nacho ndi chimene angakhale

Pali anthu ena amene akamva za chibadwa amagwa ulesi, amati zonse zinalembedwa kale m'magazi, munthu sangasinthe kanthu. Ine ndikana. Khungu la mwana sitingalisinthe, koma zimene zimapha ndi kusaukitsa ana otere ndi zinthu zoti manja athu akhoza kuzitchinga.

Mdani wamkulu ndi dzuwa. Khungu lopanda melanini limapsa msanga, zilonda zimayamba, ndipo mapeto ake ndi khansa ya pakhungu, imene yatenga achialubino ambiri akadali anyamata ndi atsikana. Musamubereke mwana wotere kumbuyo mutu uli pamtunda pamene mukupalira. Musapusitsidwe ndi kuzizira kwa kuno kumapiri, pakuti dzuwa limaotcha ngakhale kuli mitambo. Msokereni chipewa cha mlomo waukulu, malaya a manja aatali ndi zovala zofika m'mapazi. Ntchito za panja azigwira m'mamawa ndi madzulo. Funsani kuchipatala za mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndipo kachilonda kalikonse kosapola kaonetsedwe kwa adokotala msanga, osadikira.

Chachiwiri ndi maso. Ana amenewa saona bwino patali, koma mutu wawo ndi wakuthwa ngati wa mwana wina aliyense. Ambiri amasiya sukulu chifukwa chowakhazika kumbuyo kumene saona pabolodi, kenaka nkumatchedwa mbuli. Pitani nokha mukaonane ndi aphunzitsi, muwapemphe kuti mwanayo akhale kutsogolo, ndi kuti azimlembera zilembo zikuluzikulu. Maina onyoza aja, monga napweri ndi mzungudala, athe m'kamwa mwathu, pakuti ana amatola kwa ife.

Zitsanzo zilipo. Lazarus Chigwandali, mwana wa kuno ku Dedza, ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha, koma mu 2019 kanema wonena za moyo wake anaonetsedwa mumzinda wa New York ku America. Salif Keita wa ku Mali, amene anabadwa mu 1949 nasalidwa ali mwana, anadzakhala mmodzi wa oimba otchuka a mu Africa muno. Ndipo mu Okutobala 2021 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Onsewa anabadwa ndi nyemba ziwiri zoyera.

Mawu kwa andale

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ya ndale, ndipo ife amayi tisaope kuilankhula. Nthawi ya kampeni timavina, timalandira nsalu, nkuiwala kufunsa. Tinavota pa 16 Sepitembala 2025, ndipo amene tinawasankha, a chipani chilichonse, ndi antchito athu. Khansala kapena phungu akabwera pamsonkhano, imirirani mwaulemu mufunse: kodi mafuta oteteza khungu akufika pachipatala chathu chaching'ono, kapena mayi ayenera kulipira galimoto mpaka ku boma? Kodi mabanja a ana achialubino ali ndi nyumba za zitseko zolimba? Kodi milandu ya ochita nkhanza ikuyenda? Tsiku la 13 Juni chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira anthu achialubino, ndipo bungwe lawo la APAM limalankhula mokweza. Koma masiku ena onse otsalawo mwanayo amakhala m'mudzi ndi ife.

Dziwaninso kuti lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limanena kuti kholo lililonse liyenera kusamala mwana wake, banja lilipo kapena latha. Bambo wothawa mwana akhoza kuitanidwa ku khoti la majisitireti kuti azipereka chithandizo. Mayi wosiyidwa asangokhala nkumalira, apite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu akafunse njira.

Mmene inathera nkhani ya mnzathu

Mufuna kudziwa ngati bambo uja anabwerera. Sanabwerere. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pansi, ine ndinapempha mwayi, ndipo ndinatulutsa timatumba tathu ta nyemba pamphasa. Mwamunayo anangoti ndi masewera a ana. Koma mayi ake, apongozi aja amene ankanena za mzungu, anatola okha kangapo, kenaka anakhala duu. Patapita nthawi anati, "Agogo anga ankanena kuti mchemwali wawo anabereka mwana woyera, koma anthu anauzidwa kuti wapita padera." Palibe anayankha.

Lero mwana uja ali pasukulu, amakhala kutsogolo, ndipo chipewa chake tinasoka ife a m'gulu. Amene amamperekeza m'mawa uliwonse ndi kukamtenga masana ndi agogo ake omwe aja, mayi a bambo wothawayo. Mayi wa mwanayo analowa sukulu ya kwacha, ndipo ndiye mlembi wa banki mkhonde yathu.

Paphiri lathu la Mphunzi pali zojambula zakale za pamiyala, zimene mu 2006 bungwe la UNESCO linaziika, pamodzi ndi za ku Chongoni, m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Odziwa amati zina mwa izo anajambula ndi amayi achichewa polangiza anamwali. Ndiye kuti uphunzitsi wa za kubereka wakhala uli m'manja mwathu kuyambira kale. Tsono ndikupempha anamkungwi, alangizi a m'mipingo ndi atsogoleri a magulu a amayi kuti pa malangizo a chinamwali, a ukwati ndi a chisamba muonjezepo phunziro ili. Silifuna ndalama. Lifuna timatumba tiwiri ndi nyemba zinayi, ndipo mkwati akhalepo pamene mukutola.