Malodza si kulodza

Kwathu ku Feira, m'boma la Luangwa, kumene mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi, msodzi sangokankha bwato cikankhire. Ngati usiku kadzidzi analira padenga, kapena panjira wapeza bilimankhwe akukumba pansi, amabwerera kunyumba nati: "Awa ndi malodza."

Malodza ndi cinthu cacilendo cimene tikaciona kapena kucimva, mtima umatiuza kuti tsoka liri pafupi. Mau omwewa timawanenanso tikaona khalidwe lonyansa, monga mwana kumenya amai ake.

Koma tisasokoneze malodza ndi kulodza. Kulodza ndi ufiti, pamene malodza ndi cenjezo cabe. Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Ng'ona ikagwira munthu padooko, ena akuthamangira naye ku cipatala ca Katondwe, ife tayamba kale kuloza zala nkhalamba za m'mudzi. Tikumbukire kuti kuchula munthu mfiti ndi mlandu pa lamulo la Witchcraft Act.

Makolo anati tsoka silinunkha, n'cifukwa cake anali kuyang'anitsitsa zizindikiro. Mvuu ya mwana pafupi ndi maukonde, ndowe zaziwisi za njovu panjira ya kumunda, cilengezo cakuti atsegula zitseko za damu la Kariba: awa ndi macenjezo osafuna ng'anga.

Kaya tiri kwa Mfumu Mburuma, kwa Mfumu Mphuka, kapena tikuolokera ku Zumbo, mtima ukakana tiumvere. Koma mau amene makolo anatisiira kuti atipulumutse, tisawasandutse nkhwangwa yophera mnansi.