Kambalame ka ku Liben ndi Msipu wa Ng'ombe

Alimi anzathu, ambiri a inu mudaonapo mazira a zinziri kapena a nkhwali ali pansi, m'kati mwa udzu. Mbalame yoikira pansi motere iribe linga lina koma udzuwo. Mwezi uno tifuna kukuuzani za mbalame ina ya khalidwe lomweli, ya ku dziko la Ethiopia.

Kumwera kwa dzikolo, pafupi ndi mzinda wa Negele, kuli cidikha ca Liben, kumene mvula imagwa yocepa. Eni ace ndi anthu a mtundu wa Borana, ndipo cuma cao ndi ng'ombe. Kumeneko kumakhala kambalame kofiirira ngati udzu wouma, kamene Angerezi amakacha Liben Lark. Kamamanga cisa cace patsinde pa udzu. M'caka ca 2009 akatswiri analengeza kuti timbalame totsala pacidikhapo sitinali kupitirira 256, ndi kuti mtunduwo ungathe kutheratu.

Cinaticepetsa si alenje ai, koma kutha kwa udzu. Kale abusa ankasamuka ndi ziweto zao, busa nkupuma. Pambuyo pace ng'ombe zinacuruka ndi kumadya malo amodzi caka conse, ndiponso mbali zina za busa zinagaulidwa kukhala minda. Tsono udzu ukadyedwa kufikira kumizu, cisa cimatsala poyera: ziboda zimaponda mazira, ndipo adani amaona anapiye ali patali.

Za moto tinene mosamala, pakuti moto wolusa wa m'cirimwe ngwoononga ndithu. Koma Aborana ankatentha chire mwanzeru pa nyengo yace, ndipo motowo unkapha timitengo ta minga tisanakule. Boma la kumeneko litaletsa kutentha m'zaka za m'ma 1970, mitengo ya minga inawirira nilanda msipu.

Mankhwala a bvutoli anapezeka m'mwambo wa eni dziko. Aborana ali ndi cimene amacicha kallo, ndico cigawo ca busa cimene mudzi umacichinga nthawi ya dzinja, kuti ana a ng'ombe ndi ng'ombe zofooka adzapeze cakudya pa cirimwe. Pakati pa 2015 ndi 2018 mabungwe a BirdLife International ndi Ethiopian Wildlife and Natural History Society anathandiza midzi kuchinga malo ena otere, ndipo mpanda wace unali mitengo ya minga yomwe ija. Taonani m'mene zimagwirizanira: kambalameka kamaswa pa nyengo ya mvula, cipata ciri cotseka, ng'ombe zikamadzalowa, anapiye auluka kale.

Tisakunamizeni kuti zonse zinakoma. Cirala ca 2016 ndi 2017 cinasautsa kwambiri abusa a kumwera kwa Ethiopia, ndipo powerenganso m'caka ca 2019 anapeza timbalameti titacepa koposa m'mene tinaliri mu 2007, minda nayo itakula.