Pemphero si kondaine

Pa zaka zonse zomwe ndaphunzitsa zaumulungu, funso londivuta kwambiri silinachokere m'kalasi. Anandifunsa mayi wina wa Chigwirizano titaweruka mapemphero. Mwana wawo anataya chikhristu, kwake kunali kumowa basi. "Abusa, ndasala kudya, kuphiri ndapita. Ngati Mulungu sakakamiza munthu, ndikupemphereranji? Ngati amakakamiza, akudikira chiyani?"

Mayiwo sanadziwe kuti akhudza mkangano wakalekale. Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu ali nayo mphamvu yosankha chabwino payekha. Augustine, bishopu wa ku Hippo, anakana. Iye anati timasankhadi tokha, koma timasankha chimene mtima wakonda, ndipo mtimawo ndi wodwala. Chidakwa palibe amachimanga chingwe popita kumowa, chimayenda ndi miyendo yake, komabe kusiya chimalephera. Msonkhano wa ku Carthage mu 418 unatsutsa Pelagius.

Nkhaniyi inabukanso pa sinodi ya ku Dort, m'dziko la Netherlands, mu 1618 ndi 1619. Otsatira Arminius ankati munthu angathe kukana chisomo, pomwe sinodi inagamula kuti chisomo chotembenuza mtima sichibwerera chabe. Ziphunzitso za ku Dort zinafika kwathu ndi amishoni a Dutch Reformed omwe anayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale ziphunzitso zimenezi zimakana kuti Mulungu amagubuduza munthu ngati chipika. Amachiritsa chifuniro, munthu n'kuyamba kukonda chimene ankanyansidwa nacho.

Apa m'pamene pemphero limasiyana ndi kondaine. Wothira mankhwala amafuna kulanda maganizo a mnzake. Wopemphera amapempha kuti maganizowo amasuke, mwini wake abwerere akufuna yekha. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva wina akulonjeza kholo kuti mwana atembenuka pofika Lachisanu, bola apereke kangachepe.

Mayi aja ndinawafotokozera za Monica, mayi wa Augustine yemweyo. Mnyamatayu atalowa chipembedzo cha Amanike, Monica anayamba wamukaniza kudya naye m'nyumba, kenaka anamulandiranso. Mu 383 Augustine anaganiza zopita ku Rome. Mayi ake anamutsatira mpaka padoko la Carthage, akuchonderera Mulungu kuti ulendowo ulephereke. Mwanayo anawanamiza, n'kukwera chombo usiku. Pemphero la tsiku limenelo linakanidwa. Koma ulendo womwewo ndi umene unamufikitsa ku Milan, komwe anamva maulaliki a bishopu Ambrose, nabatizidwa pa Pasaka wa 387. Chaka chomwecho Monica anamwalira ku Ostia. Anali atadikira zaka zoposa khumi.

Sindinawalonjeze kuti nkhani yawo idzatha ngati ya Monica, chifukwa kulonjeza zimenezo kukanakhala kubwerera ku kondaine. Ndinangowakumbutsa kuti m'fanizo la mwana wolowerera, pa Luka 15, bambo uja sanatume anyamata kukagwira mwana wake, komanso sanatseke chipata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono inu amene mukupempherera wanu, muzimuimbirabe foni. Akabwera kudzacheza, mphikireni nsima, ulaliki usachite kutsogola. Kutembenuza mtima ndi ntchito ya Mulungu. Yanu ndi kuonetsetsa kuti tsiku limene adzafune kubwerera, asadzasowe khomo logogoda.