NDEKE IMENE INATERA NDI MIMBA

Kodi munapenyetsetsapo nkhwazi pamene iuluka pamwamba pa mtsinje? Ikanyamuka pamtengo ipinda miyendo yace, ndipo siitambasulanso kufikira ifuna kugwira nsomba kapena kutera. Icita ici cifukwa miyendo yolendewera ilimbana ndi mphepo, monga madzi alimbana ndi miyendo yanu pooloka mtsinje.

Anthu opanga ndeke anatsata nzeru yomweyi. Ndeke zina zazing'ono ziri ndi miyendo yosapindika, koma zambiri za liwiro zipinda miyendo yace zikangocoka pansi. Miyendoyi iri itatu: umodzi uli pansi pa mphuno, ndipo iwiri iri ca kumapiko. Kunsonga kwace ndiko kuli magudumu. Cimene ciikweza ndi kuitsitsa ndi mphamvu ya magetsi, kapena mafuta apadera amene pampu iwakankha m'timipope. Patsogolo pa woyendetsa, m'ndeke zambiri, pali tinyali titatu tobiriwira. Tonse tikayaka, iye adziwa kuti miyendo yatsika ndipo yakhazikika bwino.

Nanga tinyalito tikapanda kuyaka?

Izi zinacitika pa Lolemba, pa 13 May caka ca 2024, m'dziko la Australia. Ndeke yaing'ono ya injini ziwiri, ya mtundu wa Beechcraft King Air, inanyamuka m'mawa pabwalo la ndeke la Newcastle kunka ku Port Macquarie. Munali anthu atatu: woyendetsa ndi apaulendo awiri. Itangonyamuka, miyendo inakanirira. Akatswiri atafufuza pambuyo pace anapeza kuti kacitsulo kena ka pa mwendo wa kutsogolo kanathyoka.

Coyamba cimene tiyenera kukumbukira ndi ici: ndeke siuluka ndi miyendo iai. Iuluka ndi mapiko ndi injini, ndipo izi zinali zabwino-bwino. Cifukwa cace woyendetsa wopezana ndi bvuto lotere ali ndi nthawi yakuganiza. Mdani wace wamkulu ndi phuma.

Iye ayamba ndi kutsegula buku la malangizo limene likhala m'ndeke iri yonse, ndi kutsata mau ace mzere ndi mzere. Opanga ndeke anaikiratu njira yaciwiri yotsitsira miyendo. M'ndeke zina muli pampu ya dzanja. M'zina muli cigwiriro copukusa, cimene woyendetsa acizunguza nthawi zambiri-mbiri kufikira thukuta. M'zinanso angomasula loko, ndipo miyendo igwa yokha ndi kulemera kwace. Kawiri-kawiri njira izi zithandiza, ndipo ulendo utha bwino.

Nthawi zina miyendo yatsika ndithu, koma kanyali ndiko kafa. Popeza woyendetsa sangathe kuona kumimba kwa ndeke yace, alankhula pa wailesi ndi anthu a m'nsanja ya pabwalo. Tsono adutsa camunsi-munsi pafupi ndi nsanjayo, kuti iwo apenye ndi magalasi oonera kutali ndi kumuuza cimene aona.

Njira zonse zikalephereka, monga zinalephereka ku Newcastle, patsala cinthu cimodzi cokha: kutera ndi mimba. Koma woyendetsa uja sanafulumire. Anazungulira-zungulira m'mwamba, kotero kuti ndeke inakhala kumeneko maola oposa atatu. Anacitiranji ici? Anafuna kutha mafuta. Citsulo cikakhuzika pa mseu wouma cithetheka moto, ndipo mafuta akakhala ambiri m'matanki, motowo ungathe kukula msanga. Ndiponso ndeke yopepuka itera pang'ono-pang'ono ndi kuima pafupi. Nthawi yomweyo ipatsa anthu a pansi danga lakukonzeka: ozimitsa moto, apolisi ndi magalimoto onyamula odwala aima m'mbali kudikira.

Mwina muganiza kuti nkwabwino kutera pa udzu cifukwa mpofewa. Koma oyendetsa ambiri asankha mseu wa phula wa pabwalo. Pa phula ndeke iterereka molunjika. Pa dothi, citsulo ca kumimba cingathe kukumba pansi ndi kukodwa, ndipo ndeke ingatembenuke cadodolido.

Asanatsike, woyendetsa auza apaulendo kuti amange malamba zolimba, aweramitse mitu ndi kuichinjiriza ndi manja. M'ndeke zina zazing'ono amasuliratu loko wa citseko, kuopa kuti cingapindike ndi kutsekera anthu m'kati. Tsono atsika mwa ulemu, mapiko ali olingana, kuti lina lingakhudze pansi ndi kuzunguza ndeke. Pofika pansi azimitsa injini, atseka njira ya mafuta, ndi kuzimitsanso magetsi. Pamveka phokoso loopsya la citsulo cokwekwereka, koma ndeke siipita patali, pakuti kukhuzika komweko ndiko kuiimitsa. Ikangoima, onse aturuka msanga ndi kupita kutali, osatenga katundu.

Ku Newcastle ndeke inatera masana, ndipo inakwekwereka pa mimba kufikira inaima pa mseu pomwepo. Moto sunabuke. Anthu atatu aja anaturuka akuyenda okha, wopanda ndi mmodzi yemwe wobvulala. Ndeke inaonongeka kumimba ndi ku zitsulo zozungulira zimene zipalasa mphepo. Koma citsulo cisulidwanso, moyo wa munthu susulidwa.

Pali cinanso codabwitsa. Si nthawi zonse pamene makina ndiwo alakwa. Ndeke zambiri zatera ndi mimba cifukwa woyendetsa anangoiwala kutsitsa miyendo, atatopa kapena atatangwanika ndi zina. Ndico cifukwa cace m'ndeke muli lipenga limene lilira woyendetsa akacepetsa mphamvu ya injini miyendo iri m'kati. Ndiponso woyendetsa ali yense, ngakhale wa imvi, awerenga ndandanda ya zofunika asanatere, monga mwana wa sukulu abwereza samu zace asanapereke kwa aphunzitsi.

Akulu anati, “Kuona maso a nkhono nkudekha.” Woyendetsa wa ku Newcastle anazungulira maola onse aja podziwa kuti pansi pamdikira, ndipo pamene anatsika zonse zinali zokonzeka.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji ndeke zina zipinda miyendo yace pouluka?
2. Kodi tinyali titatu tobiriwira timuuza ciani woyendetsa?
3. Chulani njira zitatu zotsitsira miyendo makina akakana.
4. Woyendetsa wa ku Newcastle anazunguliranji m'mwamba nthawi yaitali?
5. Fotokozani cifukwa cace phula liposa udzu potera ndi mimba.